Kuyesa mbewu pa tebulo la kunyumba: sayansi yosalira ndalama zambiri

Ikafika miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ambirife amene tili kunja timadziwa kuti foni iyamba kulira: kumudzi akufuna ndalama ya mbewu ndi feteleza. Timatumiza ndithu, koma mafunso amatsala m'mutu. Kodi mbewu imene akagule, kapena imene anasunga chaka chatha, imera? Nanga mvula ikadula mu Januwale, ipirira? M'chaka cha 2024 tinaona zimene chilala chimachita. Chimanga chinauma chisanabereke, ndipo Zambia mu Febuluwale, Malawi mu Malichi ndi Zimbabwe mu Epulo analengeza kuti agwa m'ngozi. Ku Malawi ngoziyo inakhudza maboma 23 mwa maboma 28.

Kuno ana athu akuphunzira sayansi ya zomera kusukulu, ena asanaonepo phesi la chimanga likufota ndi dzuwa. Makolo munda timaudziwa koma labotale timaiopa. Ana labotale amaidziwako koma munda saudziwa. Komatu njira zambiri zimene akatswiri amayezera kakulidwe ka zomera ndi kupirira kwake sizilira makina odula. Zimalira kuwerenga bwino, kuyeza bwino, kuyerekeza mosakondera ndi kubwereza. Zonsezi zimatheka pa tebulo la kukhitchini ku Leeds, ku Johannesburg kapena ku Harare, ndipo zina zimatheka ngakhale pakhonde la agogo ku Dedza.

Anayamba ndi mphika ndi sikelo

Zaka pafupifupi 400 zapitazo, dokotala wina wa ku Brussels, Jan Baptist van Helmont, anafuna kudziwa kumene mtengo umatenga thupi lake. Anaumitsa dothi lolemera makilogalamu pafupifupi 90, n'kuliika mumphika waukulu, n'kubzalamo kamtengo ka msondodzi kolemera makilogalamu awiri ndi pang'ono. Kwa zaka zisanu ankangothirira madzi. Atayezanso, mtengo unali wa makilogalamu pafupifupi 77, koma dothi linali litachepa ndi magalamu osakwana 60. Zimenezi zinasindikizidwa mu 1648, iye atamwalira kale. Iye anaganiza kuti mtengo wonsewo unachokera m'madzi. Lero tikudziwa kuti gawo lalikulu la thupi louma la mtengo limachokera mumpweya wa carbon dioxide umene masamba amakoka. Koma sikelo yake inatsimikiza mfundo imene ilipobe: chomera sichidya dothi ngati mmene ife timadyera nsima.

Mu 1880 Charles Darwin ndi mwana wake Francis anasindikiza zimene anapeza poyesa timimera ta udzu kunyumba kwawo ku Kent, ku England. Anaona kuti mmera umapendekera kumene kukuchokera kuwala. Ataveka kansonga kake kachipewa kosalowa kuwala, mmera sunapendeke. Ataphimba m'munsi n'kusiya kansonga poyera, unapendekabe. Ndiye kuti kansonga ndi kamene kamazindikira kuwala, n'kutumiza uthenga m'munsi. Uthengawo asayansi anadzaupeza pambuyo pake kuti ndi mankhwala a m'chomera otchedwa auxin. Bambo ndi mwana wake anatsegula njira imeneyi ndi timiphika ndi tizipewa basi. Ife tingabwereze ndi chimanga cha mbuliwuli, katoni ya nsapato yoboola mbali imodzi, ndi tizipewa ta foyilo toveka timimera tikangofika masentimita awiri.

Malamulo atatu

Tisanayambe, pali malamulo atatu amene amasiyanitsa kafukufuku ndi kungoseweretsa mbewu.

Loyamba: tizisintha chinthu chimodzi chokha. Ngati tikuyesa mchere, ndiye kuti mbewu, madzi, kutentha ndi kuwala zikhale zofanana, mchere wokha ndiwo usiyane.

Lachiwiri: pazikhala gulu loyerekezera, limene sitinalivutitse ndi chilichonse. Popanda gulu limeneli sitingadziwe ngati mmera wafooka chifukwa cha mchere kapena chifukwa choti m'nyumba mukuzizira.

Lachitatu: tizibwereza. Chitini chimodzi chinganame, chifukwa mwina njere yake inali yofooka kale kapena chinakhala pafupi ndi zenera kuposa zinzake. Pa gulu lililonse pakhale zitini zinayi kapena zisanu, ndipo tsiku lililonse tizizisinthanitsa malo. Zonse zizilembedwa m'kope tsiku lomwelo, ndi deti lake. Ntchito yolembayi ndi yabwino kumupatsa mwana.

Mbewu zoyesera tigule konkuno: nyemba zouma, khobwe, chimanga cha mbuliwuli, mpiru, mapira. Tisauze abale kuti atibweretsere mbewu m'chikwama, chifukwa mayiko monga United States, Britain ndi South Africa ali ndi malamulo oletsa kulowetsa mbewu mwachisawawa, poopa tizilombo ndi matenda a zomera. Mbewu yopaka mankhwala, yooneka yofiira kapena yobiriwira ija, si yogwira ana aang'ono.

Kodi imera?

Kuyesa koyamba ndi kumene kuli kosavuta, komanso ndi kumene kungapulumutse chaka cha munthu. Tiwerenge njere 100 mosasankha, tikutapa pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba. Tinyowetse pepala lopukutira la kukhitchini kapena kansalu koyera, tifinye kuti kasamadonthe, tiyale njerezo m'mizere ya khumikhumi, tiphimbe ndi pepala lina lonyowa, kenako tikulunge ngati mphasa. Mpukutuwo tiuike choimika mu jumbo yosamanga kwambiri, pamalo ofunda, pafupifupi madigiri 25.

Malabotale oyeza mbewu, monga a ku Chitedze pa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji, amagwiritsanso ntchito mfundo yomweyi. Muyezo wa padziko lonse ndi njere 400, zogawidwa m'magulu, ndipo chimanga amachiwerenga pa tsiku lachinayi ndi lachisanu ndi chiwiri. Nafenso tiwerenge masiku omwewo. Tiwerenge zokhazo zimene zatulutsa muzu wamphamvu ndi mphukira yowongoka. Zongotuluka kamuzu kopunduka kapena zochita nkhungu sizili m'gulu.

Mbewu yabwino ya chimanga imamera njere 90 kapena kuposa pa 100 zilizonse. Tione chifukwa chake nambalayi ndi yofunika. Alimi ambiri masiku ano amabzala njere imodzi pa phando, mapando motalikirana masentimita 25, mizere motalikirana masentimita 75. Pa hekitala imodzi amenewa ndi mapando oposa 53,000. Ngati mbewu ikumera 70 pa 100, mapando pafupifupi 16,000 akhala opanda kanthu, chonsecho feteleza wagulidwa wa munda wonse. Kupakiza kumathandiza, koma chimanga chopakiza chimatsalira m'mbuyo ndipo chimaphimbidwa ndi chinzake. Paja amati mmera n'poyamba. Mlimi akadziwa sabata ziwiri mvula isanagwe kuti mbewu yake ndi yofooka, akhoza kubzala njere ziwiri pa phando kapena kufunafuna mbewu ina nthawi ikadalipo.

Mchere

Kuyesa kwachiwiri kumagwiritsa ntchito mipukutu yomweyi, koma tsopano tikuvutitsa mbewu dala. Tikonze mabotolo anayi a lita imodzi. M'loyamba madzi okha. M'lachiwiri tisungunulemo magalamu 3 a mchere, m'lachitatu magalamu 6, m'lachinayi magalamu 9. Supuni yaing'ono ya tiyi yosasefukira imanyamula magalamu pafupifupi 6. Kuti tiyerekeze, madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 pa lita. Tinyowetse mipukutu ya njere 20 iliyonse ndi madzi a botolo lake, mipukutu itatu pa botolo, ndipo pakatha sabata tiwerenge zomera ndi kuyeza kutalika kwa mizu ndi lula.

Zimene zimachitika m'mpukutu timaziona kale kukhitchini. Tikathira mchere pa nkhaka kapena pa tomato woduladula, madzi amatuluka. Madzi amayenda kuchoka kumene kuli mchere wochepa kupita kumene kuli wambiri. Muzu umamwa chifukwa mkati mwake muli shuga ndi mchere wambiri kuposa kunja. Kunja kukachuluka mchere, muzu umavutika kukoka madzi, ndipo chomera chimamva ludzu chili m'chinyontho. Pakapita nthawi mcherewo umalowanso m'masamba n'kuwawauka m'mphepete.

Mbewu sizipirira mofanana. Nyemba zimagonja msanga, chimanga chimapirirako pang'ono, khobwe amaposa chimanga, ndipo mapira amapirira kwambiri. Tikaika nyemba ndi mapira pambali pambali, kusiyana kwake kumaoneka ndi maso. Nkhaniyi si ya m'buku chabe. M'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje, komanso kuzungulira nyanja ya Chilwa, madzi a m'mijigo ndi nthaka zimakhala ndi mchere, ndipo wothirira dimba ndi madzi otere amauunjika pang'onopang'ono, chifukwa madzi amauma koma mchere umatsala.

Ludzu loyezedwa pa sikelo

Kuyesa chilala n'kovutirapo, chifukwa kungosiya kuthirira sikutiuza kuti chomera chavutika motani. M'malabotale ena amagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa polyethylene glycol, amene amagwira madzi kuti muzu uvutike kuwakoka. Koma pali njira ina imene akatswiri amaidalira kwambiri, ndipo imangofuna sikelo ya kukhitchini. Chinsinsi chake n'chakuti galamu imodzi ya madzi ndi mililita imodzi.

Titenge zitini kapena makapu ofanana, oboola pansi. M'chilichonse tiikemo dothi louma lolemera mofanana. Tithire madzi mpaka atulukire pansi, tisiye tsiku lathunthu kuti akhe, kenako tiyeze. Tiyerekeze kuti chitini ndi dothi louma zinali magalamu 500, ndipo tsopano ndi 650. Ndiye kuti dothilo limasunga magalamu 150 a madzi. Tibzale, ndipo zitini zonse tizizithirira mofanana mpaka mmera utakhala ndi masamba atatu kapena anayi. Apa tigawe magulu awiri. Gulu lokhuta tizilisunga pa magalamu 620, amene ndi magawo 80 pa 100 a madzi aja. Gulu la chilala tizilisunga pa magalamu 560, amene ndi magawo 40 pa 100. M'mawa uliwonse tiyeze chitini, n'kubwezera madzi okhawo amene achoka.

Tikaphimba dothi ndi pulasitiki n'kusiya kabowo ka tsinde, pafupifupi madzi onse ochoka amakhala atatulukira m'masamba. Pamenepo kope lathu likutiuza madzi amene chomera chilichonse chamwa pa tsiku. Tidzaona kuti tsiku ladzuwa chimamwa kwambiri kuposa la mitambo, ndiponso kuti cha m'gulu la chilala chimayamba kuumira. Pansi pa tsamba pali timabowo ting'onoting'ono tolowera mpweya, ndipo madzi amathawira momwemo. Ludzu likafika chomera chimatseka timabowoto. Chimasunga madzi, koma chatsekanso khomo la chakudya chake, n'chifukwa chake chimasiya kukula chisanayambe n'komwe kufota. Chimanga chimawonjezera nzeru ina imene aliyense wokulira kumudzi anaionapo: masana chimapinda masamba n'kumaoneka ngati anyezi, kuti dzuwa lisawombe tsamba lonse.

Kukula tingakuyeze ndi lula. Kutalika kwa tsinde n'kosavuta. Kukula kwa tsamba la chimanga akatswiri amakupeza pochulukitsa mulitali mwake ndi mulifupi mwa pamene latambalala kwambiri, kenako n'kuchulukitsanso ndi 0.75. Tsamba la masentimita 20 mulitali ndi 2 mulifupi ndiye kuti ndi masikweya sentimita 30. Njira imeneyi ndi ya zaka zoposa 100, ndipo ikugwirabe ntchito m'minda ya kafukufuku. Pomaliza tizule zomera, titsuke mizu, tiumitse, n'kuyeza mizu payokha ndi tsinde palokha. Nthawi zambiri chomera chovutika ndi ludzu chimachepetsa masamba n'kuika mphamvu yambiri ku mizu.

Kwa ana akuluakulu pali muyezo wina wotchuka, wosonyeza mmene tsamba lakhutira madzi. Umafuna kasikelo koyeza mpaka 0.01 ya galamu, konga kamene amayezera ndolo ndi mphete, ndipo sikadula. Tidule tsamba n'kuliyeza nthawi yomweyo. Tiliike m'madzi kwa maola anayi kapena kuposa, tilipukute, tiyezenso. Kenako tiliumitse pamalo otentha mpaka kulemera kwake kutasiya kutsika; m'labotale amaumitsa mu uvuni pa madigiri 70 mpaka 80 kwa tsiku limodzi kapena awiri. Tinene kuti poyamba linali magalamu 0.80, litakhuta 1.00, litauma 0.20. Madzi amene linali nawo ndi 0.60, amene likanatha kunyamula ndi 0.80. Tikagawa 0.60 ndi 0.80 tipeza 75 pa 100. Tsamba la chomera chokhuta limakhala cha m'ma 90, ndipo likatsikira cha m'ma 60 kapena 70 limakhala likufota.

Foni ndi maikulosikopu ya pepala

Foni imene timatumizira ndalama ija ndi chida choyezeranso. Tikayala tsamba pa pepala loyera, lula pambali pake, n'kujambula kuchokera pamwamba, pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa ImageJ ikhoza kuwerengera kukula kwa tsambalo kapena kutalika kwa muzu. Inalembedwa ndi Wayne Rasband ku National Institutes of Health ku United States, inatuluka mu 1997, ndipo ndi yaulere. Ophunzira a m'mayunivesite amagwiritsa ntchito yomweyo. Kuti tione mizu ikukula osaizula, tibzale njere mokhudza khoma la botolo loonekera mkati, tilikute ndi pepala lakuda, n'kumavundukula pojambula pokha.

Timabowo ta pansi pa tsamba tingathenso kutiona. Tipake kyutekisi wopanda mtundu pansi pa tsamba, tidikire aume, timate selotepi, n'kumatula pang'onopang'ono. Pa selotepipo pamatsala chidindo cha khungu la tsamba. Maikulosikopu ya kusukulu imakwanira kuonera chidindochi. Palinso ya pepala yotchedwa Foldscope, imene Manu Prakash ndi Jim Cybulski a ku yunivesite ya Stanford anailengeza mu 2014. Zipangizo zake zinali zosakwana dola imodzi, ndipo imakulitsa chinthu maulendo 140. Mwana akawerenga timabowo pa tsamba la nyemba ndi pa la chimanga, n'kuona kuti pa chimanga tili m'mizere pamene pa nyemba tamwazikana, wayamba kuchita zimene akatswiri amachita.

Zimene tebulo silingatiuze

Tisadzinamize: mmera wopirira m'chitini suyenera kutengedwa ngati umboni woti mbewuyo idzadzaza nkhokwe. Chimanga chimapwetekeka kwambiri ndi chilala pa nthawi ya ngayaye ndi ndevu, ndipo nthawi imeneyi singafike m'kapu ya pa zenera. Mungu umagwa kuchokera ku ngayaye kwa masiku ochepa chabe, ndipo ulusi uliwonse wa ndevu uyenera kulandira mungu kuti pakhale njere imodzi. Madzi akasowa, ngayaye zimatulukabe pa nthawi yake koma ndevu zimachedwa. Zikamatuluka mungu watha, ndipo timakolola chisononkho cha njere zowerengeka.

Koma ngakhale pamenepa, chida chimene chinathandiza kwambiri chinali kalendala ndi kope. Akatswiri a bungwe la CIMMYT, limene likulu lake lili ku Mexico ndipo lili ndi nthambi ku Harare, ankabzala chimanga m'chilimwe, pamene mvula singawasokoneze, n'kumathirira, kenako n'kudula madzi ngayaye zitatsala pang'ono kutuluka. Ankalemba tsiku limene mungu wayamba kugwa ndi tsiku limene ndevu zatuluka, n'kusankha mitundu imene masiku awiriwa ayandikana, imenenso yabereka. Anayamba ku Tlaltizapán ku Mexico, ndipo kum'mwera kwa Africa ntchito yotere yakhala ikuchitika m'malo otentha monga Chiredzi ku Zimbabwe. Mbewu za ZM 309 ndi ZM 523, zimene zinafika kwa alimi a ku Malawi mu 2009 ndipo zimadziwika ndi mayina oti Msungabanja ndi Mwayi, zinachokera m'kusankha kotere.

Manambala olembedwa mosamala amadzagwira ntchito ngakhale patapita zaka. Mu 2011 David Lobell wa ku Stanford ndi akatswiri a CIMMYT anasonkhanitsa zotsatira za minda yoyesera chimanga yoposa 20,000 ya mu Africa, n'kuziyerekeza ndi kaundula wa nyengo. Anapeza kuti tsiku lililonse limene kutentha kwapyola madigiri 30 ndi digiri imodzi, zokolola zimatsika ndi gawo limodzi pa 100 mvula ikakhala yabwino, ndipo ndi 1.7 pa 100 kukakhala chilala. Amene anapima chimanga m'minda imeneyo anali anthu ogwira sikelo ndi pensulo.

Poyambira

Banja lisayese zonse nthawi imodzi. Sabata yoyamba tiyese kameredwe. Yachiwiri tiwonjezere mchere. Zitini za chilala zimafuna mwezi wathunthu woyeza m'mawa uliwonse, ndipo apa m'pamene mwana amaphunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Zotsatira zikakhala zosiyana ndi zimene timayembekezera, tisazifufute. Tifunse chimene chachititsa, n'kubwereza.

Kope likhale la zinenero ziwiri. Mawu a kusukulu mwana awalembe mmene aphunzitsi amawanenera, ife tiwonjezere athu: njere, mmera, muzu, tsinde, phesi, ngayaye, ndevu, mungu, chisononkho, phando, ng'amba, chilala. Pofunsa mafunso ovuta, monga chifukwa chake mapira amabzalidwa kwambiri ku chigwa cha Shire, kapena chifukwa chake khobwe ndi nandolo amasakanizidwa ndi chimanga, agogo ali ndi mayankho amene buku la kuno lilibe, ndipo amasangalala mdzukulu akawafunsa.

Kenako njira ya mpukutu ija itumizidwe kumudzi. Imafuna njere 100, kansalu, madzi, jumbo ndi masiku asanu ndi awiri. Mwana kuno ajambule kavidiyo kosonyeza mmene amakulungira, msuweni wake kumudzi ayese mbewu ya m'nyumba mwawo kumapeto kwa Okutobala, n'kutumiza chithunzi pa WhatsApp mpukutu utatsegulidwa. Awiriwo awerengere limodzi, ndipo nambala imene apeze ndi imene itiuze ngati ndalama ya chaka chino ipite ku feteleza yekha kapena iyambe yagula mbewu ina.